Njinga yakale ija ili kuseri kwa nkhokwe: mmene mungaipezere ndi kuidzutsa

Aliyense amene wafunsako mtengo wa njinga yatsopano pa Chitakale kapena ku Limbe masiku ano akudziwa mmene nkhongono zimagwera. Njinga zathu zambiri zimachokera ku India ndi ku China, ndipo oitanitsa amazigula ndi ndalama zakunja zomwe zikusowazi. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chitsulo chilichonse chodutsa pa chipata chinakwera mtengo. Mafuta akasowa, njinga zamoto zimaima, ndiye aliyense amathamangira yakapalasa. Ofuna achuluka, njinga zachepa.

Komatu njinga zilipo. Zapachikidwa kudenga la khitchini zikudya utsi, zatsamira nkhokwe, zina nkhuku zikugonapo. Ine ndadzutsapo zingapo, kuyambira Humber ya malemu amalume anga, ndipo chimene ndaphunzira n'chakuti pa njinga yakale mumagula felemu. Zina zonse zimasinthika. Felemu ikakhala yabwino, muli ndi njinga ya zaka zambiri; ikakhala yothyoka, mwagula zitsulo zoyeza pa sikelo.

Yambani mwadzifunsa ntchito yake

Njinga yopita nayo mwana ku sekondale yoyendera si imodzimodzi ndi yonyamula matumba a nandolo kapena mikoko ya nthochi. Ya katundu ndi ya kabaza, funani zakuda zija za mabuleki a ndodo, monga Humber, Raleigh, Phoenix, Hero kapena Avon, chifukwa zipangizo zake zimapezeka pafupifupi pa msika uliwonse. Njinga za magiya zobwera ngati kaunjika n'zopepuka ndipo zimakwera bwino mtunda, koma giya ikathyoka mukhoza kuyenda mpaka ku Blantyre kufuna kachitsulo kamodzi. Ngati mumakhala kutali ndi msewu wa tala, ganizirani zimenezi musanakopeke.

Kumene zimapezeka

Musayambire pa msika, yambirani m'mudzi. Kuno kwathu azibambo ambiri amene anagwira ntchito m'maesiteti a tiyi, komanso amene anapita ku Joni kapena ku Halale, chuma chawo choyamba chinali njinga. Lero miyendo yafooka, njinga yangokhala. Anthu otere safuna kuwafikira ngati wamalonda. Pitani madzulo, khalani pansi, funsani za moyo, kenaka muziti: "Agogo, njinga ija ndimaiona pakhonde, kodi ikadali ndi ntchito? Ndimati ngati mungandiganizire, ndiikonze iziyendanso." Akakana, thokozani n'kunyamuka. Ambiri amadzakuitanitsani okha pakapita milungu.

Ikakhala njinga ya malemu, samalani. Chimenecho ndi chuma chamasiye. Amene akukugulitsani mwina ndi mwana mmodzi chabe mwa asanu, ndipo mawa mudzapeza mwinimbumba ali pakhomo panu. Funsani ngati mayi a m'nyumbamo ndi akubanja agwirizana, ndipo mumve kuchokera pakamwa pawo.

Malo achiwiri ndi kwa amisiri okonza njinga, aja amakhala pansi pa mtengo pa Nkando, Limbuli, Luchenza, Bvumbwe ndi m'misika ina. Pafupifupi aliyense ali ndi mafelemu awiri kapena atatu amene eni ake anawataya. Iwowa amadziwanso nyumba zimene zili ndi njinga zogona. Achitatu ndi anyamata ogula zitsulo zakutha: mukawapeza asanatumize katundu, nthawi zina mumaombola felemu yabwino pa mtengo wa makilogalamu ake. Za pa Facebook ndi WhatsApp ndingoti: musatumize ndalama pa foni musanaigwire njingayo ndi manja anu.

Tsimikizani kuti ndi yake

Pamene njinga zikusowa, akuba nawonso achuluka, ndipo kuno tili pafupi ndi malire a Muloza, kumene njinga zimawoloka mbali zonse ziwiri. Kupezeka ndi katundu wakuba ndi mlandu, ngakhale munalipira ndalama zanu. Fufuzani nambala ya felemu. Kawirikawiri imadindidwa pansi pa chitsulo chimene mapedulo amazungulirapo, kapena pamwamba pa paipi yolowa chishalo. Ikakhala yopalidwa ndi tupa, musafunsenso mtengo, ingochokanipo. Wogulitsa amene akufuna mukumane kumdima, kapena akukana kuti mupite kwawo, wakuuzani kale zonse.

Mukagwirizana, lemberanani kalata: dzina la wogulitsa, lanu, mtundu wa njinga, nambala ya felemu, ndalama ndi tsiku. Pakhale mboni ziwiri, ndipo amfumu akadindapo n'kwabwino koposa. Kalatayo ijambuleni pa foni.

Kuyeza felemu

Apa ndi pamene muyenera kutaya nthawi. Nyamulani chiguduli, chingwe chopyapyala chotalika mamita atatu, ndi sipanala. Onani njinga masana, panja.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine ndinagulapo felemu yopakidwa penti yakuda yonyezimira kwa munthu wina pa msika, ndipo patangotha mwezi, mng'alu unaonekera pansi pa khosi (paipi yakutsogolo imene mahandulo ndi foloko zimalowa) pamene anamata ndi penti yochindikala. Mwana wanga ndi amene ankaikwera. Kuyambira pamenepo, njinga yakale yokhala ndi penti yatsopano ndimaikayikira kuposa ya dzimbiri.

Pukutani malo onse olumikizirana mapaipi. Yendetsani chala kunsi kwa mapaipi awiri ochokera kukhosi, pafupi ndi polumikiza. Mukamva kakhwinya kapena kotupa, njingayo inawombapo chinthu kutsogolo, ndipo idzathyokera pomwepo. Imani pambali muone foloko: chigawo chake chapamwamba chiyenera kutsata mzere wa khosi. Ikabwerera kumbuyo, tayala n'kuyandikira felemu, ndi ngozi yomweyo. Foloko yokha mukhoza kusintha, koma felemu yokwinyika ayi.

Tsopano chingwe chija. Mangani pomwe ekiselo yakumbuyo imalowa, mbali yakumanja, chizungulitseni pakhosi kutsogolo, n'kuchibweretsa mbali yakumanzere, chokoka bwino. Yezani mpata wa pakati pa chingwe ndi paipi ya chishalo mbali zonse ziwiri. Uyenera kufanana. Kusiyana kwa mamilimita awiri kapena atatu si nkhani, koma kukafika pa chala chathunthu, njingayo iziyenda chammbali ngati nkhanu ndipo izidya matayala.

Dzimbiri la pamwamba lisakuopseni, limachoka. Loopsa ndi la m'kati. Kuno mvula ndi yambiri, chiperoni chimanyowetsa ngakhale zinthu za m'nyumba, ndipo njinga zina zinakwiririka m'matope nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023. Nyamulani felemu muigwedeze pafupi ndi khutu. Mukamva ngati mchenga ukuyenda m'mapaipi, chitsulo chikudyeka. Gogodani ndi sipanala timapaipi tiwiri tapansi topita ku tayala lakumbuyo, chifukwa madzi amakhazikika kumeneko. Chitsulo chamoyo chimalira, chowola chimangoti phu. Kanikizani ndi msomali pamene pali timabowo ta dzimbiri, ukalowa, isiyeni.

Onaninso ngati inawotchereredwapo. Mafelemu akalewa analumikizidwa ndi mkuwa wosungunula, ndipo mapaipi ake ndi opyapyala. Wowotcherera mageti ndi magetsi akaikapo ndodo yake, chitsulo cha m'mbali mwa chilondacho chimapsa, n'kudzang'alukanso pomwepo. Kaliyala yowotcherera ilibe vuto. Khosi lowotcherera ndi imfa.

Pomaliza, masulani bawuti ya chishalo muone ngati paipi yake ikutembenuka, ndipo chitani chimodzimodzi ndi mahandulo. Zikakanirira, sikuti njinga yatha, koma ndi ntchito ya masiku angapo, ndiye mtengo utsike.

Za maina, musakhulupirire sitika. Masitika amagulitsidwa pa msika ndipo amamatidwa pa felemu iliyonse. Raleigh yeniyeni yakale, ya ku Nottingham, imakhala ndi chizindikiro chachitsulo cha mutu wa mbalame chokhomedwa pakhosi. Humber zambiri zakale zimadziwika ndi tianthu togwirana manja pa gudumu la mano lakutsogolo. Kampani ya Raleigh inagula Humber mu 1932, choncho njinga ziwirizi ndi pachibale, ndipo zili ndi khalidwe limodzi loti mulidziwe: mazinga a pakhosi ndi a pakati pa mapedulo pa Raleigh zakale za ku England ndi 26 pa inchi, pamene njinga zina zambiri ndi 24. Kapu (kambale kachitsulo kosunga timipira ta mabering'i) yatsopano ya mu shopu imalowa pang'ono n'kukakamira, ndipo mukaikakamiza mwaononga felemu. Pa njinga yotere, makapu ake akale asungeni ngati ndalama.

Mtengo

Musanatchule ndalama, werengerani zimene mudzagule. Pa njinga yogona zaka, matayala awiri, machubu awiri, malabala a mabuleki, tcheni, mabering'i ndi makotapini (tizitsulo togwira mikono ya mapedulo) n'zosapeweka. Funsiranitu mitengo yake tsiku lomwelo, chifukwa ya mwezi watha ndi mbiri yakale. Mukaphatikiza ndi mtengo wa felemu n'kupeza kuti zayandikira njinga yatsopano, pitirirani. Koma kwa agogo amene akupatsani njinga yawo mwaulemu, musawafinye. Perekani zoyenera.

Kumasula

Mufunika masipanala, ina yopyapyala ya makoni (manati osongoka a pa ekiselo okanikiza timipira ta mabering'i), shifitingi, hamala, sikuludiraiva, pulayala, kiyi wa masipoko, pampu, palafini, girisi, oyilo, sandipepa ndi zitini zingapo. Manati a njinga zakale za ku England si a mamilimita, ndiye sipanala wamba imaterereka n'kudya makona. Pamenepo shifitingi yomangitsa bwino imathandiza.

Musanamasule kanthu, jambulani njinga yonse pa foni, makamaka ndodo za mabuleki. Kenaka donthezani palafini wosakaniza ndi oyilo pa nati iliyonse, m'mawa ndi madzulo, masiku awiri kapena atatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mabawuti ambiri amene amathyoka amathyoledwa tsiku loyamba ndi munthu wothamanga.

Zipangizo za gudumu lakutsogolo zikhale m'chitini chawo, zakumbuyo m'chawo, za pakhosi m'chawo. Yalani thumba pansi kuti timipira ta mabering'i tisathawire m'fumbi.

Pali malo awiri amene mazinga ake ndi otembenuka. Pedulo yakumanzere imamasuka poizungulitsa mmene muvi wa wotchi umayendera. Kapu yakumanja ya pakati pa mapedulo, ya mbali ya tcheni, nayonso ndi choncho. Ngati m'kati mwake muli bwino, musaichotse n'komwe, itsukeni ili pomwepo.

Kotapini, kachitsulo kaja kamagwira mkono wa pedulo, ndi kamene kamaliza anthu ambiri. Masulani nati mpaka ifanane ndi nsonga ya mazinga. Ikani paipi yachitsulo yoima pansi, mutu wa kotapini ulowe m'kamwa mwa paipiyo, kuti mphamvu ya hamala ipite pansi osati m'mabering'i. Menyani kamodzi kapena kawiri mwamphamvu. Kugogoda pang'onopang'ono kumangopinda mazinga.

Mabering'i: mtima wa ntchito yonse

Njinga yolemera kupalasa kawirikawiri si kuti ndi yakale, koma girisi wake anauma kalekale. Tsukani makapu, makoni ndi maekiselo m'palafini, pukutani, muziyang'ane padzuwa. Njira imene timipira timadutsa iyenera kukhala yosalala ngati mbale. Koni ikakhala ndi timaenje, gulani ina. Gubuduzani ekiselo pa galasi kapena patebulo losalala. Yopindika imadumphadumpha, ndipo yakumbuyo pa njinga imene inkanyamula katundu imakhala yopindika kawirikawiri.

Timipira musabwezeretse takale, n'totchipa. Pa njinga zambiri zamtunduwu, habu (chitsulo cha pakati pa gudumu) yakumbuyo imalowa 9 mbali iliyonse ta kota inchi, pakati pa mapedulo 11 mbali iliyonse ta kota inchi tomweto, ndipo habu yakutsogolo 10 mbali iliyonse tocheperako, ta 3/16. Ta pakhosi ndi tating'ono kwambiri. Werengani timene mwatulutsa ndipo tengani kamodzi ku shopu kuti muyerekeze. Mukadzaza, payenera kutsala kampata kakang'ono. Musakakamize kena kowonjezera.

Pakani girisi wambiri, osaumira. Oyilo wakuda wotsala mu injini si girisi, amatuluka tsiku lomwelo n'kusiya zinyalala. Pomanga, zungulitsani koni ndi zala mpaka igunde timipira, bwezani pang'ono, igwireni ndi sipanala yopyapyala, n'kumangitsa nati yakunja. Gudumu lizizungulira lokha mpaka vavu itsikire pansi, koma mukaligwedeza chammbali lisagogode. Mudzabwereza katatu kapena kanayi musanapeze pakatikati pake. Aliyense amatero.

Pobwezeretsa makotapini, ina iyang'ane uku ina uko, apo ayi mapedulo sakhala pa mzere umodzi. Ilowetseni ndi hamala, paipi ija ili pansi, kenaka mumange nati. Nati ntchito yake n'kusunga chabe. Mukati mukokere kotapini ndi nati, mazinga amadyeka. Ikakana kulowa mokwanira, palani pang'ono mbali yake yafulati ndi tupa.

Malimu ndi matayala

Chotsani tayala muone m'kati mwa limu. Dzimbiri lochepa palani ndi sandipepa n'kupaka penti. Ngati m'mphepete mwadyeka mpaka kuboola, limuyo yatha. Finyani masipoko awiriawiri: olobodoka amangeni, othyoka asintheni, ndipo akathyoka oposa anayi kapena asanu pa gudumu limodzi dziwani kuti otsalawo ali m'njira. Werengani mabowo musanagule limu kapena habu, chifukwa njinga zina zili ndi 32 kutsogolo ndi 40 kumbuyo, zina 36 konsekonse.

Kuwongola limu yopotoka pang'ono mukhoza kuchita nokha. Tembenuzani njinga, gwirizani choko pa foloko, zungulitsani gudumu. Pamene choko chalemba, limu yapendekera kumeneko. Masulani masipoko a mbali imeneyo kota ya kuzungulira, mangani a mbali inayo kota yomweyo, n'kuyesanso. Koma kuluka gudumu lonse, makamaka la kabaza lofuna masipoko onenepa, perekani kwa mmisiri. Ndalama imeneyo siipweteka.

Pa tayala werengani manambala ang'onoang'ono. Njinga zakudazi zimavala 28 x 1½, yomwe imalembedwanso 635. Palinso tayala lina lotchedwa 28 lomwe ndi 622, ndipo silikwera pa limu yanu ngakhale mulimbane nalo tsiku lonse. Za 26 nazonso zili mitundu: 559 ndi 590. Musaiwale lamba wophimba mitu ya masipoko. Chubu chakale chodula bwino chimagwira ntchitoyi.

Tcheni ndi mtunda wa kwathu

Yezani tcheni ndi lula. Malinki 12 athunthu (linki yathunthu ndi yam'kati ndi yakunja pamodzi) a tcheni chatsopano amakwana mainchi 12, pafupifupi masentimita 30.5. Chikapitirira ndi mamilimita atatu, chatha, ndipo mwina chadya kale mano a filiwilo, gudumu la mano lakumbuyo. Tcheni chatsopano pa mano akutha chimadumpha, choncho zisinthireni limodzi.

Pamenepa pali mwayi umene ambiri sautenga. Filiwilo yobwera ndi njinga zambiri ndi ya mano 18, yabwino kuchigwa. Ngati mumakwera zitunda za ku Thyolo, cha ku Makwasa kapena Thekerani, kapena mumanyamula katundu, funani ya mano 20 kapena 22 n'kuonjezera linki pa tcheni. Liwiro limachepa pang'ono, koma malo ambiri amene munkatsika n'kumakankha mudzakwera muli pachishalo. Pomanga gudumu, tcheni chizitha kusuntha m'mwamba ndi pansi ngati sentimita imodzi.

Mabuleki

Zimandipweteka mtima ndikaona mnyamata akutsetsereka ndi matumba awiri a makala akuponda tayala ndi patapata chifukwa mabuleki anachotsa. Zitunda zomwezi zimene timadandaula pokwera ndi zimene zimavulaza anthu potsika. Musakwere njinga imene mwakonzayi mabuleki onse awiri asanagwire.

Wongolani ndodo zopindika, donthezani oyilo pa mfundo iliyonse, ikani malabala atsopano. Chotengera labala chili ndi mbali yotseka ndi yotsegula: yotseka iyang'ane kumene limu ikupita, apo ayi labala limasolola tsiku limene mukulifuna kwambiri. Malabala akhale pafupi ndi limu, mamilimita awiri kapena atatu, ndipo mukafinya chogwirira chisafike pa handulo. Oyilo asakhudze limu. Dziwaninso kuti limu yachitsulo ikanyowa mabuleki amachedwa kugwira, ndiye tsiku la chiperoni yambani kufinya mukadali kutali.

Penti ndi zotsala

Penti ndi yomaliza, ndipo ndalama zikathera pa zipangizo, ikhoza kudikira. Palani dzimbiri, pakani yofiira yoteteza chitsulo, kenaka yakuda mopyapyala kawiri. Nambala ya felemu isakwiririke, ndipo chizindikiro cha pakhosi musachipake. Donthezani oyilo m'kati mwa mapaipi, ndipo pakani girisi paipi ya chishalo ndi ya mahandulo musanazilowetse. Madigadi abwezeretseni, kuno ndi kwa matope. Ikani belu, chonyezimira chofiira kumbuyo ndi nyali kutsogolo, chifukwa pa msewu wa Limbe kupita ku Muloza galimoto zimathamanga ndipo njinga yakuda usiku sioneka.

Ulendo woyamba ukhale waufupi, pamalo athyathyathya, opanda katundu, sipanala ili m'thumba. Mvetserani. Kugogoda pa kupalasa kulikonse ndi kotapini. Kugogoda mukafinya buleki yakutsogolo ndi khosi lolobodoka. Kulira kwa ting'iting'i ndi masipoko akukhazikika. Pakatha sabata, menyaninso makotapini, mangani manati onse, yang'ananinso malimu ndi choko chija. Mukatero ndiye muikepo thumba loyamba la nandolo.